Turret kapena single-stage: ndigule iti?

Mnyamata wina wakwathu amene amakhala kuno ku Gauteng walandira laisensi ya mfuti yake yoyamba, .308 yosakira nswala ndi nyumbu nyengo yozizira. Atapita kukagula zipolopolo, mtengo wa kabokosi ka 20 unamuumitsa pakamwa, ndiye usiku womwewo anandilembera pa WhatsApp: "Achimwene, ine ndiyambe kudzaza ndekha basi. Koma press ndigule iti, turret kapena single-stage?" Press ndi makina odzazira zipolopolo m'makesi owomberedwa kale, ndipo turret ndi single-stage ndi mitundu yake iwiri. Ndinamuyankha mwachidule kuti agule single-stage, ndipo yankho limenelo sindikulibweza. Kungoti akanafunsa munthu wina, wa mfuti ina, ndikanayankha zina. Ndiye ndaona kuti ndifotokoze bwinobwino chifukwa chake.

Amene mukuwerenga muli kumudzi mwina mwadzidzimuka kale kuti munthu angakhale m'galaja mwake n'kumadzaza zipolopolo apolisi osamugogodera. Ku South Africa lamulo la mfuti, Firearms Control Act ya 2000, limalola mwini laisensi kudzaza yekha zipolopolo za mfuti imene ili pa laisensi yakeyo. Laisensiyo siyobwera ndi mphepo. Uyenera kukhala nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, uphunzire ndi kukhoza mayeso, apolisi akupatse satifiketi ya competency yosonyeza kuti ndiwe woyenera kusunga mfuti, ukhale ndi sefa yomangirira kukhoma kapena pansi, kenako udikire mpaka mtima utatopa. Zonse ndikulembazi ndi za kuno. Kwathu malamulo ndi ena, ndipo pasapezeke wina wonyamula ma primer m'chikwama podutsa pa Mwanza kapena pa Dedza n'kumati anawerenga kwa ine.

Chipolopolo chili ndi zinthu zinayi. Pali kesi ya mkuwa, imene imasunga zonse. Kumatako kwake kuli primer, kabatani kamene kamathetheka kakamenyedwa ndi pini ya mfuti. M'kati muli wonga, ndipo kukamwa kuli mutu, umene ndi wokhawo umauluka kukapeza nyama. Ukawombera, primer yapsa, wonga wapsa, mutu wapita, koma kesi imagwa pansi ili bwinobwino, ndipo kawirikawiri pa zinayizo ndi imene imadya ndalama zambiri. N'chifukwa chake pa renji, malo oyeserera kuwombera, mumaona madala a ndevu zoyera akuwerama kutola ma doppie, monga amawatchulira anzathu a Chiafrikaans, osasiyako ndi imodzi yomwe. Kesi yosamalidwa imabwerera m'mfuti kangapo isanang'ambike.

Koma siibwerera momwe yatulukira. Moto wa wonga umaifufumitsa mpaka kudzaza chipinda cha mfuti, ndiye iyenera kufinyidwa kuti ibwerere pa saizi yake. Ntchito ya press ndi imeneyi. Ndi chitsulo chomangidwa ndi mabawuti pa benchi, chokhala ndi handulo yaitali. Ukatsitsa handulo, mtengo wachitsulo wotchedwa ram umakwera n'kukankhira kesi m'kati mwa die imene yamangidwa pamwamba. Die ndi imene imaumba: ina imafinya kesi ndi kutulutsa primer yakale, ina imatsegula kukamwa pang'ono, ina imakhazika mutu pa mlingo wake, ina imamanga kukamwako kuti mutu usasunthe. Press imangopereka mphamvu ndi kuongola njira. Makampani pafupifupi onse amagwiritsa mathiredi amodzi, 7/8-14, moti die ya Lee imalowa pa press ya RCBS, ya Redding imalowa pa ya Lyman, popanda mkangano. Kusiyana kwa turret ndi single-stage kwagona pa chinthu chimodzi chokha: pamwambapo pamakhala ma die angati nthawi imodzi.

Pa single-stage pali bowo limodzi, die imodzi. Ntchito imayenda ngati youmba njerwa. Suumba imodzi, kuiyanika, kuiotcha, kenako n'kuyamba ina. Umaumba zonse, kuyanika zonse, kuotcha zonse. Makesi 50 onse amadutsa mu die yofinya, onse amayezedwa, onse amalandira primer, onse wonga, ndiye umasintha die n'kuyamba kukhazika mitu. Yodziwika kwambiri ndi Rock Chucker ya RCBS, yobiriwira ija imene mumaipeza m'magalaja a alenje kuchokera ku Polokwane mpaka ku Karoo. Kampaniyo anaiyambitsa Fred Huntington ku Oroville, California, mu 1943, nthawi ya nkhondo pamene zipolopolo zosakira zinasowa m'mashopu a ku America. Thupi la press imeneyi ndi cast iron, lopangidwa ngati chilembo cha O, lotsekeka mbali zonse kuti lisapindike ukamafinya kesi yaikulu ngati ya .375 H&H. Palinso Big Boss ya Redding, Challenger ya Lee, Lock-N-Load Classic ya Hornady. Zimasiyana kulemera ndi mtengo, koma kagwiridwe kake ndi kamodzi.

Turret ili ndi chimbale chozungulira pamwamba, cha mabowo angapo. Ma die onse umawamanga kamodzi, kuwatchera bwino, ndiye ukafuna ina umangozungulitsa chimbalecho mpaka die yofunikayo ifike pamwamba pa ram. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ngakhale ogulitsa m'mashopu, chifukwa dzina limodzili likuphimba makina awiri osiyana khalidwe. T-7 ya Redding, yopangidwa ku Cortland, New York, ili ndi mabowo 7, ndipo All-American 8 ya Lyman ili ndi 8. Ziwirizi ndi zitsulo zolemera, umazungulitsa ndi dzanja, ndipo eni ake ambiri amene ndawaona amazigwiritsa ntchito mofanana ndi single-stage: makesi onse mu die yoyamba, kuzungulitsa, onse mu die yachiwiri. Chimene agula ndi malo osungira ma die atatcheredwa kale, a .308 mbali iyi, a .243 mbali iyo. Koma Classic Turret ya Lee, ya ku Hartford, Wisconsin, ndi ina. Ili ndi mabowo 4 ndi kamtengo kopotoka kamene kamazungulitsa chimbale chokha nthawi iliyonse ukakoka handulo. Kesi imalowa kamodzi, umakoka kanayi, chimatuluka chipolopolo chathunthu. Munthu akandiuza kuti akufuna turret, ndimayamba ndamufunsa kuti iti mwa ziwirizi, ndipo nthawi zambiri amakhala asanadziwe kuti pali ziwiri.

Tiyeni tione za liwiro, chifukwa ndi zimene zimagulitsa turret. Tiyerekeze kuti mukudzaza zipolopolo 100 za 9mm ndi ma die anayi. Pa single-stage mukoka handulo ka 400. Pa turret ya Lee mukokanso ka 400. Turret siichotsa kukoka ngakhale kamodzi. Chimene imachotsa ndi kulowetsa ndi kutulutsa kesi: pa single-stage mugwira kesi iliyonse kanayi, kuitola, kuiika pa shell holder (kachitsulo kogwira kesi pamwamba pa ram), kuichotsa, kuibweza m'thireyi, pamene pa turret muigwira kamodzi. Kwa pistol zimenezi ndi zazikulu ndithu. Kesi ya 9mm ndi yaing'ono, imaterereka m'zala, ndipo nthawi yambiri imathera pa kutola ndi kuika komweko. Makesi a pistol ndi owongoka, die yofinya imakhala ndi mphete yolimba kwambiri ya carbide imene siifuna mafuta, ndipo sawasowa kudulidwa kawirikawiri. Palibe chokakamiza kesi kuchoka pa press pakati pa ntchito. Ndiye turret ikhoza kumaliza pa ola limodzi zimene single-stage ingathere madzulo onse. Makina amene amatulutsa chipolopolo pa kukoka kulikonse ndi mtundu wachitatu, progressive, monga abuluu aja a Dillon a ku Scottsdale, Arizona, koma imeneyo ndi nkhani ya anthu a mipikisano yowombera mothamanga ya IPSC amene amawombera mazana Loweruka lililonse.

Tsopano bwererani ku .308 ya mnyamata uja. Kesi yake ili ndi phewa ndi khosi, ndipo imafuna ma die awiri okha: yofinya ndi yokhazika mutu. Isanalowe mu die yofinya iyenera kupakidwa mafuta, apo ayi imakakamira m'katimo, ram n'kudula mkombero wake, iwe n'kutsala ndi ntchito ya dirilo ndi tapu yodulira mathiredi kuti uichotse. Ikatuluka uyenera kupukuta mafutawo. Kenako uyenera kuiyeza kutalika ndi venia, chifukwa mkuwa umatalika pang'ono nthawi iliyonse ukawombedwa ndi kufinyidwa, ndipo kesi yotalika mopitirira imatsina mutu pakhosi pa mfuti n'kukweza pulesha. Zotalikazo uzidule, usalaze kukamwa mkati ndi kunja, utsuke kabowo ka primer, uike primer yatsopano, uyeze wonga pa sikelo kesi iliyonse payokha. Ntchito zonsezi zimachitika kesi ili kunja kwa press. Ndiye turret yakupulumutsirani chiyani? Kusintha die kamodzi pa madzulo onse. Die ili ndi mphete yake yomangira imene imasunga mlingo umene unatchera, moti kuibwezera ndi kungopotokola mpaka mphete igunde. Ndipo masiku ano ngakhale kupotokolako kunachepa: Hornady ili ndi ma bushing a Lock-N-Load, Lee ili ndi Breech Lock, umangolowetsa die, kupotoza pang'ono, yakhala. Kulipira ndalama zoonjezera kuti upulumutse masekondi amenewo, kwa ine ndi kuononga.

Pali mkangano wina umene sumatha pa braai iliyonse ya alenje, wakuti turret imatulutsa zipolopolo zokhota. Mfundo yake ndi yomveka. Kuti chimbale chizungulire payenera kukhala kampata, ndipo ram ikakankha kesi mwamphamvu chimbalecho chimanyamuka pang'ono mbali imodzi. Redding inaika chochirikiza kumbuyo kwa chimbale cha T-7 kuti chisapendekeke. Cha Lee chimagwidwa m'mbali mozungulira ndipo chimaoneka ndi maso kuti chikunyamuka. Ine ntchito yanga ya masana ndi ya pa lathe, makina osemera zitsulo, ndiye kampata ndimakalemekeza. Koma ndimadziwanso kuti kampata kobwerera malo amodzimodzi nthawi zonse si vuto lalikulu, popeza die unaitchera kampatako kali momwemo. Taonani Co-Ax ya Forster, ya ku Lanark, Illinois, imene anthu owombera patali amaikonda kwambiri. Pa iyo die siimangidwa ndi mathiredi n'komwe. Imangolowa m'kamsewu n'kumasuntha pang'ono, nazonso nsagwada zogwira kesi zimasuntha, mwadala, kuti kesi ndi die zipezane zokha pakati. Ndiye kulimba gwa si kumene kumaongola chipolopolo. Chimaongoka chifukwa cha die yabwino, khosi la kesi lofanana kunenepa mbali zonse, ndi dzanja lokoka mofanana. Nswala imene yaima pa mamita 150 siidzadziwa kuti chipolopolo chinachokera pa chimbale kapena pa bowo limodzi. Amene amayeza timabowo pa pepala pa mamita 1,000 ali ndi ufulu wodandaula. Enafe tikamaphonya tiyambe tafunsa chala chathu.

Kuno kuli chinthu china chimene mavidiyo a ku America sangakuuzeni. Lamulo lija limati mwini laisensi asakhale ndi zipolopolo zopitirira 200 pa mfuti iliyonse, ndiponso ma primer osapitirira 2,400 pa mfuti iliyonse. Malire amenewa amachoka ukakhala dedicated hunter kapena dedicated sports person, udindo umene umaupeza kudzera m'mabungwe ovomerezeka monga SA Hunters kapena Natshoot, ndipo uyenera kumaonetsa chaka ndi chaka kuti ukusakadi kapena kuwomberadi. Mlenje wamba amene amapita ku famu kawiri kapena katatu pa chaka, n'kumayesa mfuti pa renji mwa apo ndi apo, zipolopolo 200 zimamukwanira nthawi yaitali. Makina othamanga amufikitsa pa malire a lamulo tiyi asanazizire, kenako azikhala akusonkha fumbi. Kumbukiraninso kuti mu 2021 boma linatulutsa bilu yosintha lamuloli imene inafuna kuletseratu kudzaza zipolopolo panyumba. Anthu anaikana kwambiri ndipo siinakhale lamulo nthawi imeneyo, koma munthu woika ndalama zambiri pa zitsulo zimenezi azidziwa kuti maganizo otere alipo.

Komabe chimene chimandichititsa kuumirira single-stage kwa woyamba kumene si ndalama kapena lamulo. Ndi wonga. Agogo athu a mfuti za gogodela ankathira wonga wakuda ndi diso, kutsendera ndi chitsulo, n'kulowa m'tchire. Wonga wa masiku ano sulola zimenezo. Umayezedwa ndi muyeso wotchedwa grain. Ma grain 7,000 ndi amene amapanga paundi imodzi, moti grain imodzi siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 15 a galamu. Ndipo pa sikelo timawerenga mpaka gawo lakhumi la grain. Bungwe la SAAMI, limene limaika miyezo ya zipolopolo ku America, linaika malire a pulesha ya .308 Winchester pa 62,000 psi, kutanthauza mapaundi 62,000 pa sikweya inchi iliyonse. Mphamvu yonseyo imabadwa pafupi ndi tsaya lako, diso lili kumbuyo kwa bolt, chitsulo chotseka chipinda cha mfuti. Mlingo wa wonga sufunsidwa kwa mnzako pa WhatsApp, ngakhale kwa ine. Umatengedwa m'matebulo a milingo olembedwa ndi opanga wongawo, kaya ndi Somchem ya ku Somerset West, kaya Vihtavuori ya ku Finland, kuyambira pa mlingo wotsika n'kumakwera pang'onopang'ono ukuyang'ana makesi. Ukasintha mtundu wa wonga, wa mutu kapena wa primer, umayambiranso pansi.

Ngozi zazikulu pa benchi ndi ziwiri: kuthira wonga kawiri m'kesi imodzi, ndi kuiwala kuthira. Yoyamba imaphulitsa mfuti m'manja. Imakonda kuchitika pa makesi a pistol ndi revolver, makamaka .38 Special. Kesi imeneyo inapangidwa mu 1898 kuti izilandira wonga wakuda, umene umafuna malo ambiri; wonga wamakono wothamanga umangokhala pansi pake pang'ono, moti ukathira kawiri sukusefukira, sukukuchenjeza. Yachiwiri ndi yachinyengo kwambiri. Primer yokha ili ndi mphamvu zokwanira kukankhira mutu m'paipi ya mfuti n'kuusiya pakati. Phokoso limamveka lofooka, koma munthu wotanganidwa ndi mpikisano, atavala zotseka m'makutu, akhoza kulowetsa china n'kuwombera paipi ili yotsekeka.

Mitundu iwiri ya press ija imakuteteza ku ngozizi m'njira zosiyana, ndipo apa ndi pamene munthu ayenera kudzidziwa yekha. Pa single-stage makesi onse amaima m'thireyi yamabowo, kukamwa kuli m'mwamba, wonga uli kale m'kati. Usanakhazike mutu ndi umodzi womwe, umatenga tochi n'kuyenda mzere ndi mzere. Diso la munthu ndi lakuthwa poyerekeza zinthu zoyandikana: kesi yopanda kanthu imaonekera mdima wake, yodzaza kawiri imaonekera pakati pa zinzake nthawi yomweyo. Pali mphindi yoima, yoikidwa m'kati mwa ntchito, imene palibe chimene ukuchita kupatula kuyang'ana. Pa turret ya Lee mphindi imeneyo kulibe. Wonga umagwa wokha kuchokera m'chothirira chimene chakhala pamwamba pa die yachiwiri, chimbale chazungulira, dzanja lamanzere latola kale mutu. Oikonda amati chitetezo chake n'chakuti pa press pamakhala kesi imodzi yokha, ndipo chimbale chimachoka chokha pa malo a wonga, ndiye kuthira kawiri n'kovuta. Akunena zoona. Koma chothiriracho chikhoza kutha wonga osazindikira, kapena wonga kukakamira m'khosi mwake, ndipo palibe kesi ina pambali yoyerekeza nayo. Uyenera kusuzumira m'kesi iliyonse, kulikonse, ngakhale ya nambala 180 pamene msana wayamba kuwawa ndipo maganizo apita ku sukulu fizi. Ena amamata kanyali ka LED pa press kuti aziona m'kati. Chizolowezi chimenecho chimaphunzirika, koma sichibadwa tsiku loyamba, ndipo liwiro limakoma msanga kuposa kusamala.

Ganiziraninso za moyo wathu weniweni. Benchi zathu sizili m'chipinda chachete. Foni ilira kuchokera kumudzi, mwana alowa kudzafunsa homuweki, magetsi azima pakati pa ntchito. Pa single-stage ukabwerera umapeza thireyi ikukuuza pamene unalekera, makamaka ngati umaika makesi opanda wonga chozondoka, n'kumatembenuza okhawo amene wathira. Pa turret lamulo langa ndi lakuti kesi imene inali pa press pamene ndinadodometsedwa imachoka, wonga wake ubwerere, iyambirenso. Ndipo pa benchi pamakhala chitini chimodzi chokha cha wonga nthawi iliyonse, kaya press ndi iti. Wonga wa pistol ukalowa m'kesi ya mfuti yaitali, palibe press imene ingakupulumutse.

Pali chinanso chimene single-stage imaphunzitsa, chovuta kuchilemba: dzanja limayamba kumva. Ukafinya makesi 50 motsatizana, ntchito imodzimodzi, umazindikira imene yalowa mofewa kwambiri kapena molimba kwambiri. Primer ikalowa popanda kukana umadziwa kuti kabowo kakula, kesi yatopa, iponyedwe. Amene ali ndi .303 zakale za Lee-Enfield, zimene zidakali zambiri m'dziko muno, amadziwa kuti chipinda cha mfuti zimenezo ndi chotakasuka, makesi amatanuka kwambiri, ndipo ukamawafinya thupi lonse nthawi zonse amaduka pafupi ndi matako; ambiri amafinya khosi lokha. Umaphunziranso kusuzumira m'kesi yotola pa renji usanaiike pa press. Ikakhala ndi kabowo kamodzi pakati ndi ya mtundu wa Boxer, imadzazika. Ikakhala ndi timabowo tiwiri m'mbali ndi ya Berdan, monga makesi ambiri akale a asilikali, ndipo ithyola pini ya die yako. Choseketsa n'chakuti Edward Boxer anali Mngelezi koma njira yake inakakhazikika ku America, pamene Hiram Berdan anali wa ku America koma yake inafala ku Ulaya.

Pa ndalama sinditchula mitengo, chifukwa zitsulo zonsezi zimachokera kunja ndipo zimavina ndi randi. Koma dongosolo lake silisintha kwenikweni. T-7 nthawi zambiri ndi yokwera kuposa single-stage yabwino. Classic Turret ya Lee, modabwitsa, nthawi zambiri siiposa Rock Chucker. Ndiye nkhani yakuti turret ndi ya olemera si yoona nthawi zonse. Chimene woyamba kumene amaiwala n'chakuti press ndi gawo chabe la bilu. Pakufunika ma die, shell holder, sikelo yodalirika ndi timiyala toiyesera, venia, chodulira makesi, chothirira wonga, thireyi, magalasi oteteza maso, buku la matebulo. Ndalama ikachepa, ichepe pa press, isachepe pa sikelo. Press ya cast iron siikalamba msanga, ndipo yogula kwa mdala amene wasiya ulenje imagwira ntchito ngati yatsopano. Ungoyang'ana ngati ram siikugwedera ikakwera pamwamba, ndi ngati dzimbiri silinadye. Pa turret ya Lee pali kapulasitiki kamakona anayi kamene kamayendetsa chimbale, kopangidwa kuti kazitha ikoko m'malo mwa zitsulo. Khalani ndi kena kapadera mu dirowa. Zimbale zake zapadera ndi zotsika mtengo, moti ukhoza kukhala ndi chimodzi cha 9mm, china cha .38, chilichonse ndi ma die ake otcheredwa, n'kumasintha m'kanthawi kochepa. Pa T-7 chimbale chapadera ndi ndalama yoganizira kawiri.

Ndiye ngati mfuti yanu ndi yaitali yosakira nyama, kaya .308, .30-06, .270 kapena 7x57, gulani single-stage yachitsulo, makamaka yolandira ma bushing osinthira msanga, ndalama yotsalayo ipite ku sikelo ndi ma die abwino. Ngakhale mutadzagula progressive zaka zikubwerazi, iyi siidzachoka pa benchi. Idzakhala yotulutsira ma primer, yofinyira makesi aakulu, yoyesera mlingo watsopano wa zipolopolo zisanu kapena khumi. Ngati muli ndi mfuti zazitali zingapo ndipo kusintha ma die kumakunyansani, T-7 kapena ya Lyman ndi chisangalalo chololeka, bola muvomereze kuti mwagula kufewa kwa ntchito, osati liwiro kapena kulunjika.

Munthu wa pistol amene amawombera mwezi ndi mwezi, single-stage idzamutopetsa mpaka asiye, ndipo woleka kudzaza amabwerera ku mitengo ya m'shopu. Kwa iye Classic Turret ya Lee ndi yanzeru, ndipo ili ndi khomo lakumbuyo limene ndimalikonda: kamtengo kopotoka kaja kamazuka ndi zala. Ukakachotsa, chimbale chimaima, makinawo amasanduka single-stage. Ayambe choncho, ndi thireyi ndi tochi, mpaka dzanja ndi diso zizolowere ntchito iliyonse payokha, ndiye adzabwezere kamtengoko.

Iliyonse imene mungasankhe, benchi ikhale yolimba kuposa mmene mukuganizira. Handulo ya press imachulukitsa mphamvu ya mkono kambirimbiri, ndipo tebulo la chipboard limathyoka m'mphepete sabata yoyamba. Thabwa lochindikala, mabawuti odutsa mpaka pansi okhala ndi mawashala aakulu, benchiyo yomangirira kukhoma kuti isagwedeze sikelo. Sikelo ikhale pa shelefu yakeyake, pa msinkhu wa maso, kutali ndi mphepo ya pawindo. M'ma primer ambiri muli mtovu, ndipo fumbi lochokera m'ma primer akale ndi m'makina otsukira makesi limakhala nawo, ndiye pa benchi sipadyedwa, ana sasewerapo, ndipo mukamaliza musambe m'manja ndi sopo musanakhudze nsima.